Bodi ndi ya ndani, nanga wapolisi amaopa ndani?

Mphunzitsi Wopuma: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Kuno magetsi anazima tambala asanalire, ndiye ndangokhala pakhonde mutu ukuyendayenda. Ndili ndi funso akuluakulu. Makampani a boma awa, ADMARC, ESCOM, NOCMA, mabungwe a madzi, mwini wake ndi ndani? Pa pepala amati ndi athu, ife okhoma msonkho. Koma boma likangosintha, chinthu choyamba timamva pa wailesi ndi choti mabodi onse athetsedwa. Mu 2020 a Chakwera atangolumbira anathetsa mabodi opitirira 60 nthawi imodzi, ife n'kuwomba m'manja kuti eya, zinyalala zikuchoka. Patapita miyezi mayina atsopano anatuluka, tinawerenga, tinayang'anana. Abusa, mafumu, amene analephera pa chisankho cha aphungu. Ndiye ndifunse, chimasintha ndi kayendetsedwe ka kampani kapena mtundu wa nsalu basi?

Nachisale: Taswera aphunzitsi. Chimasintha ndi nsalu. Tatseka nkhani, tiyeni tikambe za mtengo wa shuga.

Mnyamata wa Chipani: Bambo aphunzitsi, ndi ulemu wonse, inu mukanakhala mtsogoleri mukanasiya anthu a mdani wanu akuyendetsa kampani yogula mafuta a dziko lonse? Akuzimitsireni dziko dala kuti anthu akudeni? Aliyense amagwira ntchito ndi anthu amene amawakhulupirira. Ngakhale pa sukulu paja mahedi mumasankha wachiwiri amene mumagwirizana naye.

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, wachiwiri wanga sindinkasankha ine, ankachokera ku ofesi ya maphunziro. Ena tinkadana ndithu, koma mabuku a ndalama za sukulu ankayenda bwino chifukwa aliyense ankaopa mnzake.

Kalaliki Wakale: Ndilowererepo, chifukwa ine ndinagwirako ntchito zaka 14 ku kampani ina ya boma, dzina sinditchula. Anthu amaganiza kuti vuto ndi kuba kwa usiku, munthu atanyamula thumba. Ayi. Zambiri zimachitika masana, ndi kalata yosainidwa bwinobwino. Lachinayi foni imalira kuchokera kumtunda, akuti Loweruka kuli msonkhano wa chitukuko, titumizireni magalimoto asanu ndi mafuta ake. Msonkhano wa chitukukowo ukafikako ndi nsalu za chipani zokhazokha. Ife ku akaunti timalemba kuti "ulendo woyendera ntchito". Bwana wamkulu sangakane, kontrakiti yake ndi ya zaka zitatu ndipo amene adzaiwonjezere ndi bodi, bodiyo anaisankha ndi amene akuimba foniyo. Ndiye mukuona chingwe mmene chayendera.

Za misonkhano ya bodi ndisanene zambiri. Ofesi ili ndi chipinda chabwino cha misonkhano, koma msonkhano ukachitikire kunyanja, masiku atatu, alawansi ya aliyense, mafuta a aliyense. Tsiku lina ndinafunsa kuti bwanji osakumana pompano, anzanga anandikoka malaya pansi pa tebulo. Chaka chotsatira anandisamutsira ku nthambi ya kutali, ati kukalimbikitsa ntchito kumeneko.

Nachisale: Pepani achimwene. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, inu munkafuna kumasula chingwe.

Mlimi wa ku Mitundu: Ine za ADMARC ndiye zimandiwawa mumtima. Bambo anga ankanena kuti kale galimoto ya ADMARC inkafika mpaka kumudzi, sikelo yake yoona, ndalama pompo. Lero timagulitsa chimanga kwa mavenda mwezi wa Meyi pa mtengo wolira, ADMARC n'kudzatsegula misika mochedwa ife titagulitsa kale, ndalama zake n'kutha sabata ziwiri. Kenako Januwale tikagone pa mzere pa depoti kugula chimanga chomwecho.

Mphunzitsi Wopuma: Zoona a Mitundu, koma kale lija tisalikometsere kwambiri. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo nthawi ya a Kamuzu inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, phindu lake n'kumakathandiza ma esiteti a fodya ndi makampani a akuluakulu. Mlimi wa kumudzi ndiye ankanyamula dziko pamsana osadziwa. Kusiyana kwake n'koti nthawi imeneyo msika unalipo ndithu, ndipo wakuba ankaopa. Kuyambira 1987 anatsegula msika kuti ena azigulanso, ADMARC n'kuyamba kufooka, koma andale sanaisiye. Inakhala ng'ombe yoti aliyense akame, wodyetsa palibe.

Taonani za chimanga chomwe ADMARC inkafuna kugula ku Zambia mu 2016 ndi 2017. Panakhazikitsidwa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi mayi Anastazia Msosa, aphungu nawo anafufuza paokha, nduna ya zaulimi a George Chaponda anachotsedwa mu Febuluwale 2017, kenako khothi linawapeza osalakwa mu 2018. Chabwino, khothi lanena. Koma dongosolo logulira zinthu ku ADMARC linasintha chiyani pambuyo pa phokoso lonse lija? Mu 2022 nduna ina, a Lobin Lowe, inangotseka kampani yonse, antchito kunyumba, ndipo oposa 3,000 anachotsedwa ntchito. Alonda, oyeza pa sikelo, makalaliki. Amene ankasaina mapepala akuluakulu aja sitinawaone pa mzere wolandira makalata.

Mlimi wa ku Mitundu: Ndipo chaka chomwecho ndi chija ndalama za feteleza, K750 miliyoni, zinapita ku kampani ya ku UK yomwe inapezeka kuti ntchito yake ndi ya nyama. Ife tikudikira feteleza, ndalama zili ku butchala. Ndunayo inachotsedwa mu Okutobala. Mpaka lero ndikamva mawu oti "kukonzanso" ndimagwira thumba.

Wa ku Joni: Moni kumudzi. Kuno ku Johannesburg nkhani ndi yomweyi, Eskom yawo inadyedwa mpaka magetsi kumazima maola ambiri pa tsiku. Koma chimodzi ndinachiona, komiti ya a Zondo inkaonetsedwa pa TV tsiku ndi tsiku kuyambira 2018, anthu akuluakulu akutuluka thukuta pamaso pa dziko lonse, ndipo malipoti ake anatuluka, aliyense akhoza kuwerenga. Omangidwa ndi ochepa, inde, anthu kuno amadandaula zomwezo. Koma kwathu ngakhale lipotilo sitiliona. Lija la a Chilima lili kuti?

Nachisale: Lili mu kabati limodzi ndi ma jenereta.

Kalaliki Wakale: Limenelo ndi la 2021. Zitaphulika za K6.2 biliyoni ya Covid, a Chakwera anapatsa a Chilima ntchito younika zinthu zitatu, ma alawansi, kagulidwe ka katundu wa boma, ndi makontrakiti a ntchito. Lipoti linaperekedwa mu Meyi chaka chomwecho, koma kwa anthu silinatulutsidwe, ati ndi la mtsogoleri. Chonsecho lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linali litayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Ndipo musaiwale kuti a Chilima omwewo ndi amene anatsogolera zokonzanso ntchito za boma nthawi ya a Peter Mutharika kuyambira 2014. Maboma awiri, munthu mmodzi, zinthu zitatu zomwe aliyense wa mu ofesi ya boma amadziwa kuti ndi pomwe pamadonthera ndalama. Mzimu wawo uuse mumtendere, koma ntchito ija sinafike pomwe inkayenera kufika.

Mnyamata wa Chipani: Koma nanunso muzinena zabwino zomwe. ESCOM anaigawa mu 2017, EGENCO ikupanga magetsi payokha, makampani ena akugulitsa magetsi a dzuwa ngati ku Salima ndi ku Golomoti. Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 tinataya pafupifupi 130 MW, imeneyo si nkhani ya bodi, ndi madzi. Ndipo anaikonza. Si zonse zomwe zili ndale.

Mphunzitsi Wopuma: Pamenepo ndavomera, madzi alibe chipani. Ndipo mainjiniya athu amagwira ntchito, ena ndinawaphunzitsa ndekha masamu. Ine mkangano wanga uli pamwamba pawo.

Tatengani NOCMA. Wapampando wa bodi yake anali mlembi wamkulu wa boma, munthu amene amakhala pafupi ndi mtsogoleri tsiku lililonse. Mu Novembala 2022 mayi Helen Buluma, amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa kampaniyo, anakaima pamaso pa komiti ya aphungu n'kunena kuti ankakakamizidwa ndi akuluakulu pa nkhani ya makontrakiti a mafuta. Otchulidwawo anakana. Ine sindikuweruza kuti wolondola ndani. Ndikungofunsa kuti bwana wa kampani akafuna kudandaula za kumtunda, akadandaule kwa ndani, pomwe wapampando wa bodi yake ndi kumtunda komweko?

Mai a Chisomo: Pepani ndikudulani pakamwa akuluakulu, nkhani yanu ya mabodi ndi yabwino koma ine yandivuta ndi ya pafupi. Mwana wa mchemwali wanga anamugwira Lachisanu usiku akuchokera ku ganyu, ali m'chitokosi pa siteshoni ina mpaka lero Lachiwiri. Mlandu sakutiuza bwinobwino, wina akuti vakabu, wina akuti akumuganizira za foni yobedwa. Dzulo wina anatikokera pambali kuti tipeze kenakake kuti atuluke pa belo. Tichite bwanji? Mayi ake akungolira.

Wothandiza za Malamulo: Mayi, pepani kwambiri. Mverani bwino. Choyamba, belo ya ku polisi ndi yaulere, palibe ndalama yomwe mukuyenera kupereka. Chachiwiri, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake, ndipo afikitsidwe ku khothi pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa Loweruka kapena Lamulungu, ndiye tsiku loyamba lomwe khothi latsegula. Kwa iyeyu linali dzulo. Chachitatu, za vakabu zija, khothi lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu mu Januwale 2017, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, venda amene anagwidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo ku Limbe. Munthu sangamangidwe chifukwa chongoyenda usiku.

Mawa m'mawa pitani ndi munthu wina wamkulu, mukapemphe kuonana ndi mkulu wa siteshoni, osati wa pa kauntala. Mukalankhule mwaulemu, mufunse mlandu wake ndi tsiku lopita ku khothi, mulembe dzina la amene mwalankhula naye. Tengani anthu awiri okhala ndi ziphaso oti akhale mboni za belo. Zikakanika, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau kapena kwa ma paralegal amene amayendera zitokosi. Za amene anapempha ndalama uja mukhoza kukadandaula ku Independent Complaints Commission, komishoni yomva madandaulo okhudza apolisi.

Mai a Chisomo: Zikomo achimwene, Mulungu akudalitseni. Komishoni mwatchulayo ndiyoyamba kuimva.

Nachisale: Si inu nokha amayi. Dziko lonse limaimva pa wailesi pakafa munthu basi.

Wothandiza za Malamulo: Ndipo apa ndi pomwe nkhani ya aphunzitsi ikukumana ndi ya mayiwa. Komishoni imeneyi inalembedwa mu lamulo la apolisi la 2010. Koma mkulu wake woyamba, a Christopher Tukula, anasankhidwa mu 2020. Zaka khumi ili pa pepala pokha. M'zaka khumi zimenezo muli 20 Julaye 2011 pomwe anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero, muli imfa ya Robert Chasowa ku Polytechnic chaka chomwecho, muli Buleya Lule amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019, muli Msundwe mu Okutobala 2019. Maboma atatu anadutsa, palibe limene linaona changu chokhazikitsa bungwe loyang'anira apolisi. Chifukwa chake n'chosavuta, aliyense akakhala pampando apolisi amakhala ake.

Pa za Msundwe, anali Justice Kenyatta Nyirenda amene mu Ogasiti 2020 analamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi alipidwe chipukuta misozi. Ndalamazo zinachokera ku thumba la boma, kutanthauza kwa inu ndi ine. Tchulani wapolisi mmodzi amene analowa m'ndende chifukwa cha zimene zinachitikira amayi aja.

Mwana wa ku Malaini: Ndakhala chete nthawi yonseyi koma apa ndiyankhe. Ine ndinakulira m'malaini a polisi, bambo anga anapuma ali sajeni. Za Msundwe sindiziikira kumbuyo, zinali zonyansa. Koma muzikumbukanso kuti tsiku lomwelo wapolisi, a Usumani Imedi, anaphedwa ndi miyala pa msewu ali pa ntchito, nawonso anali ndi banja. Ndipo mukamati apolisi apolisi, mukunena ndani? Konstebulo amene akukhala nyumba ya zipinda ziwiri ndi ana asanu, denga lodontha, siteshoni yopanda mafuta a galimoto, pepala lolembapo sitetimenti akugula yekha? Bambo anga ankayenda wapansi kukagwira wakuba, n'kubwera naye pa kabaza. Amene amatumiza apolisi kukaphulitsa utsi okhetsa misozi sakhala m'malaini. Lamulo limachokera ku Area 30, kulikulu la apolisi, ndipo Area 30 imamvera amene anaika mkulu wa apolisi pampando.

Wothandiza za Malamulo: Achimwene, sitikutsutsana. Umphawi wa konstebulo ndi woona, koma amene akuulipira ndi mayi ngati awa, osati amene anaubweretsa. Ndipo mwanena zoona za kumtunda. Mkulu wa apolisi amasankhidwa ndi mtsogoleri, nyumba ya malamulo n'kuvomereza. A Joyce Banda atalowa mu Epulo 2012 anachotsa a Peter Mukhito n'kuika a Lot Dzonzi. A Chakwera anaika a George Kainja mu 2020 n'kuwachotsa mu Juni 2022 pa nkhani ya katangale yokhudza wamalonda Zuneth Sattar. Mpando umenewu umayenda ndi mphepo ya ku nyumba ya boma.

Koma kuti ndisakhale wongodandaula, mlandu wa Lule unafika kumapeto. Mu Disembala 2024 khothi lalikulu linapeza apolisi asanu ndi mmodzi olakwa pa imfa yake. Panatenga zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, koma zinatheka, ndipo wapolisi aliyense amene amafunsa mafunso ndi chitsulo m'manja anamva.

Mnyamata wa Chipani: Mwaonatu, makhothi akugwira ntchito. Si omwewa anathetsa chisankho pa 3 Febuluwale 2020? Afrika yonse inatipatsa ulemu.

Mphunzitsi Wopuma: Anagwira ntchito tsiku limenelo, ndipo ndinavula chipewa. Koma khothi limaweruza mlandu umene wafika patsogolo pake. Nanga umene wafera panjira? Mlandu wa a Bakili Muluzi wa K1.7 biliyoni unayenda zaka zoposa khumi, n'kuthetsedwa mu 2023 osamva chigamulo. Wa a Chilima, amene anamangidwa mu Novembala 2022, unathetsedwa mu Meyi 2024. Kaya anali olakwa kaya ayi, ife sitinapatsidwe mpata womva umboni mpaka kumapeto. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pomwe mwana wa mchemwali wa mayiwa wagona masiku anayi pa simenti chifukwa cha foni yomwe mwina sanaionepo.

Wothandiza za Malamulo: Pa kuthetsa milandu, malamulo aakulu amati mkulu wozenga milandu ya boma akathetsa mlandu apereke zifukwa ku komiti ya aphungu yoona za malamulo pasanathe masiku khumi. Ndiye chingwe china chili m'manja mwa aphungu. Vuto aphungu athu amaluma pomwe kamera ilipo.

Kalaliki Wakale: Hahaha kunena zoona. Ife tikamva kuti tikukaonekera ku PAC tinkagona mu ofesi kukonza mafayilo. Tikafika, mafunso aukali, bwana thukuta kamukamu, madzulo pa nkhani. Mawa lake ziii. Komitiyo imangopereka malangizo, ilibe mano omanga munthu, ndipo malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma amene ankatifunsa anali a zaka zitatu zinayi zapitazo. Wosaina uja anapuma kale, wina anamwalira, wina ndi phungu tsopano, wakhala mbali ya ofunsa.

Nachisale: PAC yake iti? Pajatu tili nazo zitatu, ya ndalama, yovomereza maudindo, ndi ya azibusa ija. Zonse zimalankhula bwino.

Wa ku Joni: Yovomereza maudindo ija si imene inakana mayi Martha Chizuma mu Meyi 2021? Anthu atakwiya m'pamene inabweza mawu. Ine ndinali kuno koma foni inatentha usiku wonse.

Mphunzitsi Wopuma: Yomweyo. Ndipo taonani mapeto ake. Atakhala mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, apolisi anamuzinga kunyumba m'bandakucha pa 6 Disembala 2022 n'kupita naye ku Namitete, ngati wakuba mbuzi. Mtsogoleri anati sankadziwa, nduna zinati sizinkadziwa. Panabwera komiti yofufuza ya Justice Edward Twea, a Steven Kayuni amene anakadandaula ku polisi anachotsedwa pa udindo wa mkulu wozenga milandu mu Januwale 2023. Ine chimene chinandiopsa si kumangidwako. Ndi choti galimoto za apolisi zikhoza kunyamuka usiku kukagwira munthu wa udindo ngati umenewo, dziko lonse la akuluakulu n'kunena kuti silinadziwe. Ngati ankadziwa, n'zoopsa. Ngati sankadziwadi, n'zoopsa kuposa.

Mnyamata wa Chipani: Nanga inu mukufuna zitani bambo? Kudandaula tonse timatha. Lamulo la katangale analisintha mu 2022 kuti ACB isamapemphenso chilolezo kwa mkulu wozenga milandu, khothi la milandu ya zachuma linakhazikitsidwa. Mukufuna mtsogoleri asamasankhe aliyense? Ndiye tinamuvoteranji?

Mphunzitsi Wopuma: Asankhe nduna zake, amenewo ndi andale anzake, akalephera tidzawaona pa voti. Koma mpando wa mu bodi ulengezedwe mu nyuzi ngati ntchito ina iliyonse, anthu afunsidwe mafunso poyera, ndipo nthawi yawo isamathere limodzi. Atatu atuluke chaka chino, atatu chaka chamawa, kuti boma latsopano lipeze bodi ili pakati pa ntchito, lisathe kusesa onse tsiku limodzi. Mlembi wa unduna asakhale wapampando wa kampani yomwe unduna wake ukuyenera kuiyang'anira. Ndipo mabuku a ndalama a kampani iliyonse azituluka chaka ndi chaka pomwe ine ndingawawerenge.

Kalaliki Wakale: Aphunzitsi, zolengeza mu nyuzizo ndinaziona ndi maso anga. Ntchito inalengezedwa, anthu 60 analembera, mafunso anachitika ku hotela, koma dzina tinali titalimva kale mwezi wathawo ku kantini. Ine chimene ndingagwirizane nanu ndi cha mabuku. Wakuba saopa intavyu, amaopa pepala lomwe lili poyera. Ndi china, wonena zoona atetezedwe. Ine akanandisiya pa desiki langa ndikanafunsanso funso lachiwiri.

Mwana wa ku Malaini: Ndi ku polisi chimodzimodzi. Komishoni yodandaulirako ija ipatsidwe ndalama zake zokwanira ndi ofufuza ake, isamakapemphe galimoto kwa anthu omwe ikuwafufuza. Koma mukonzenso malaini. Munthu amene mwamupatsa mfuti ndi njala nthawi imodzi, mukudziwa chimene adzachite pa rodibuloko.

Nachisale: Ine ndiye mundiike mu bodi ya madzi, ndili ndi luso, ndakhala ndikudzuka 2 koloko usiku kudikira mpopi zaka zisanu ndi ziwiri.

Mlimi wa ku Mitundu: Achemwali mukalowa mutikumbuke, musakasinthe nambala.

Mai a Chisomo: Achimwene a zamalamulo, ndalankhula ndi mchemwali wanga. Tipita mawa 7 koloko ndi amalume ake a mwanayo komanso a mpingo mmodzi. Ziphaso zake ndi za mtundu wanji, chiphaso cha unzika chikwanira?

Wothandiza za Malamulo: Chikwanira amayi. Mutengenso kope ndi cholembera, ndi chakudya cha mnyamatayo. Akakuuzani kuti bwana kulibe, funsani wachiwiri wake, musachoke pa benchi. Mukatuluka mundilembere kumbali, nambala yanga muitenge kwa a admin.

Mphunzitsi Wopuma: Mutiuze mmene zikayendere mayi. Ine foni yatsala 4 peresenti, ndikukatchaja kwa aneba a sola.